Dzenje Lathu pa Bwalo la Ufulu

Mwezi wa Okutobala ukangolowa, dzanja la amama limayamba kukanda mphasa. Ndi dzanja lamanzere, lomwe linatsala lamoyo pamene sitiroko inawagwetsa. Amakhala pakhonde la nyumba yathu ya lendi kuno ku Kapata, maso ali kumsewu, zala zikupalasa ngati nkhuku yofunira anapiye chakudya. Amuna anga amati ndi kutentha. Ine sinditsutsa, koma ndimadziwa chimene akufukula. Akufukula dzenje lathu la ku Chiparamba, limene ine ndinalephera kulipeza.

Ndiyambe ndafotokoza za dzenjelo, chifukwa anzanga a m'tauni muno ndikalitchula amayesa ndikunena za manda.

Kwathu, pabwalo la sukulu imene ndinaphunzirapo, tsiku la ufulu silinkathera pa mbendera ndi nyimbo ya fuko. Linali msika, linali magule, linalinso tsiku loonana ndi abale amene chaka chonse mumangomva kuti ali moyo. Mabanja ankamanga misasa ya nthambi zaziwisi kuzungulira bwalo lonse, aliyense pamalo pake, n'kumagulitsamo zimene waphika. Amama anandiuza kuti zinayamba chaka chenicheni chimene dziko linalandira ufulu, iwo ali kamtsikana kongoyamba kumene sukulu. Atate awo, agogo anga aamuna, anali mphunzitsi pamenepo, ndipo wailesi m'dera lonselo inali yawo yokha. Anthu a m'midzi anabwera kudzamvera zimene zinkachitika ku Lusaka. M'kalasi munadzaza, dzuwa linali la Okutobala, ndiye otsalira panja anakwera phiri kukadula nthambi za mombo n'kudzimangira mithunzi. Azimayi amene ananyamula thobwa la paulendo anayamba kusinthanitsa ndi nthochi za anzawo. Palibe amene anakonza kuti pakhale msika. Unangomera wokha ngati bowa.

Chaka chotsatira anabweranso, aliyense akufuna pomwe anamanga kale, ndipo mabanja awiri anatsala pang'ono kutemana ndi zikwanje polimbirana mthunzi. Agogo ankadana ndi phokoso kuposa tchimo lina lililonse. Anaika lamulo. Pogwetsa msasa, banja lililonse lizule phanda lake lalikulu, liike kanthu kake m'dzenjemo, likwirire. Chaka chamawa, amene wafukula dzenje, wapeza kanthu kake, wadzala phanda mbendera isanakwere, malowo ndi ake. Wolephera, malo apita kwa amene akuwafuna. Kulemba ayi, kuitana anthu kuti akuchitire umboni ayi. Dzenje ndiye mboni, ankatero agogo, ndipo mawuwo anatsala iwo atapita.

Ena ankakwirira botolo, ena khasu lotha, ena chidutswa cha mphero. Agogo anakwirira chivundikiro cha simbi yawo ya makala, imene ankasitira kabudula wa kaki asanapite m'kalasi. Chinathyoka pa hinji, koma katambala kachitsulo kotsekera kanali kadakalipo pamwamba pake. Ine ndinakula ndikumuona tambala ameneyo kamodzi pachaka. Amama ankamufukula m'mawa, kumupukuta ndi chitenje, kumuika pambali pa chigubu cha thobwa tsiku lonse, madzulo n'kumubwezera. Malo athu anali abwino koposa onse, pafupi ndi mkuyu, kumene mthunzi umagwera dzuwa likapendeka, komanso mjigo uli chapompo.

Mbiri ya chikondwererochi amama sankaisimba ndi zaka, ankaisimba ndi zimene zinali m'misasa. Panali nyengo ya chipani chimodzi, pamene ana a sukulu ankaguba mpaka ena kukomoka, kenako n'kupatsidwa banzi ndi chakumwa cha m'botolo. Panali nyengo yosowa shuga ndi sopo, pamene thobwa linkatsekemera ndi chimera chokha ndipo anthu ankati ndilo labwino. Kenako inabwera salaula, zovala zovalidwapo kale zochokera kunja, misasa ina n'kusanduka masitolo a malaya a azungu. Anthu a kutsidya kwa malire ankabwera ndi nsomba zouma ndi nsalu, akuyankhula ngati ife tomwe, n'kumatiseka kuti ufulu wathu ndi mng'ono wa ufulu wawo chifukwa wawo unayamba kubadwa.

Zimene ndinaona ndi maso anga ndi izi. Pakati pa bwalo pankaimikidwa mtengo wopakidwa girisi, pamwamba pake malaya atsopano, ndipo amuna aakulu a mabanja awo ankatsetsereka n'kugwa chagada anthu akufa ndi phwete. Azimayi ankathamanga mabotolo ali pamutu, ndipo amama, amene kutchalitchi ankayenda ngati akuopa kuponda nyerere, ankamanga chitenje m'chiuno n'kuwasiya onse kumbuyo. Angoni a cha ku Mtenguleni ankabwera ndi zishango kudzaponda ingoma mpaka nthaka kunjenjemera pansi pa msasa. Makwaya ankapikisana. Mowa unali ndi malire ake, kutsidya kwa msewu, ndipo akulu a mpingo ankayendera malirewo manja ali kumbuyo. Koma chimene chinakhazikika mwa ine ndi fungo. Mombo mu Okutobala umakhala utangophuka masamba ofiira, ofewa, ndipo ukagona chagada mumsasa dzuwa limakufika litasefedwa, kunja anthu akupsa. Pobwerera kunyumba aliyense ankathyola kanthambi ka pamsasa pake kukapatsa amene sanathe kubwera, odwala ndi okalamba, kuti akatsomeke pamwamba pa chitseko. Ankati nayenso wadya ufulu.

Sindingaloze chaka chimene zinayamba kutha. Phiri linametedwa pang'onopang'ono ndi owotcha makala, mpaka mombo unayamba kufunidwa kutali. Ena anayamba kubwera ndi matenti abuluu. Ndi matenti anabwera masipika, ndipo makwaya anasiya chifukwa munthu sungapikisane ndi chinthu cha magetsi. Mowa unawoloka msewu chaka china, palibe anaubweza. Akulu a mpingo aja ena anamwalira, ena ana awo ndiwo ankagulitsa mowawo. Mabanja akale akalephera kubwera chaka chimodzi, chifukwa cha maliro kapena matenda, pamalo pawo pankaima tenti. Pamene ndinkapita ku koleji kukaphunzira za kuphunzitsa ana a sukulu ya mkaka, misasa ya masamba inali itatsala yowerengeka, yonse cha kumkuyu, ngati mano otsala m'kamwa mwa nkhalamba.

Ndili ku koleji komweko ndinaona pa foni kuti ku Chile, dziko lakutali kwambiri kutsidya la nyanja zazikulu, nawonso pokondwerera ufulu wawo amamanga misasa ya nthambi, n'kumavinamo ndi kugulitsamo zakudya, ndipo akhala akutero kuyambira makolo awo. Ngakhale mtengo woterera uja ali nawo. Ndinakondwa ngati ndapeza m'bale. Pa holide ndinawaonetsa amama. Anayang'anitsitsa, foni ataigwira patali ndi maso, kenako anangofunsa ngati kumeneko mitengo ikadalipo. Ndinati sindikudziwa. Anandibwezera foni n'kupitiriza kusankha nyemba.

Sitiroko inawapeza atangomaliza kukolola, chaka chimene mwana wanga wamkazi anali akadali pabere. Alongo anga ali ku Lusaka ndi ku migodi, ndipo akazi awo za misasa sazidziwa. Ine ndine mzime, mkazi ndekha. Tinawatenga amama kudzakhala nafe ku Kapata. Mawu anawathera, anatsala ndi ochepa amene amatuluka movutikira, limodzilimodzi.

Tsopano ndinene za ine. Ndine munthu wamantha, ndipo chibadwire mwanayu mantha anga anapeza pokhala. Ali ndi mphumu. Inayamba asanayambe n'kukwawa komwe, ndipo ndagonapo naye kuchipatala kangapo, ndikuyang'ana nthiti zake zikulowa mkati ngati wina akuzikoka ndi chingwe. Kuyambira pamenepo ndimathira madzi pansi ndisanasese. Mbaula ndimakolezera kuseri kwa nyumba. Galimoto ikadutsa mumsewu wathu wafumbiwu ndimathamangira kutseka mawindo, ndipo aneba amandiseka kuti ndikulera dzira. Akagona masana ndimasiya zochapa n'kukaika khutu pamsana pake. Sitifiketi yanga ili m'sutikesi, ntchito sinapezeke, ndiye tsiku lonse ndimakhala ndi anthu awiri, wina wosatha kuyankhula chifukwa wakalamba, wina chifukwa sanakule, ine pakati ndikumvetsera kupuma kwawo.

Okutobala wa chaka chimenecho atayandikira, anandiimbira foni mnzawo wa amama, amene msasa wawo unkagundana ndi wathu. Si m'bale wathu, koma ndinakula ndikuwaitana azakhali. Anati mnyamata wina amene ndinkaphunzira naye, amene tsopano ali ndi bala yogulitsira mowa pamsika ndi tenti yaikulu, wakhala akufunsafunsa za malo a pamkuyu, poti wamva kuti amama adwala. Anati ndikapanda kubwera kudzadzala phanda, ndisadzalire. Foni inali pa sipika chifukwa ndinkasambitsa mwana, ndipo amama anamva zonse ali pamphasa pawo. Anagogoda pansi ndi kapu mpaka ndinatembenuka. Pakamwa panagwedezeka nthawi yaitali.

"Tambala," anatero.

Amuna anga anakana. Anati msasa sudyetsa munthu, anati chikondwerero chimenecho chinafa kale, chatsala ndi kuchiika m'manda, anatinso ndikudziwa ndekha fumbi la Okutobala pabwalo la sukulu. Zonse zinali zoona. Kumusiya mwana sikukanatheka, chifukwa anali asanasiye bere ndipo iwo sakanatha kusamala odwala ndi khanda nthawi imodzi. Ndinawauza kuti ndikangodzala phanda, kuyala nthambi, kugulitsa pang'ono, ndibwerera dzuwa lisanapendeke, ndipo chaka chamawa mwana adzakhala atakula. Anandifunsa ngati ndikupita chifukwa ndikufuna msasawo kapena chifukwa ndikuopa maso a amama. Mpaka lero yankho lake ndilibe.

Thobwa ndinaphika amama akuyang'anira. Ndikachulukitsa chimera ankagogoda kapu, ndikavundula mwaulesi ankagogodanso. Masiku amenewo nkhope yawo inabwerera mwakale pang'ono. Ndinaphikanso chikondamoyo. Mombo ku Kapata ungaupeze kuti? Phanda ndinagula la bulugamu kwa ogulitsa milimo, nthambi ndinapempha za kesha pampanda wa eni nyumba. Ndinazimanga mtolo kuseri, kuti amama asaone kuti ndi kesha.

M'mawa wa tsikulo ndinabereka mwana, mankhwala ake opopera ndinawamanga pa nsonga ya chitenje, amuna anga n'kundiperekeza kokwerera ndi katundu yense. Kondakitala ataona mtolo wa masamba anafunsa ngati mayi ndikupita kukamanga chisa, ndipo ngati mazira ndaikira kale kapena ndikaikira konko. Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Njira yonse mwana ndinamufunditsa kansalu konyowa kumphuno.

Nditatsika, bwalo sindinalizindikire. Udzu uja tinkakhalapo panalibe. Panali dothi lofiira, losalala ngati mbale, kuyambira kumakalasi mpaka pafupi ndi mizu ya mkuyu. Wina wofuna mavoti anatumiza gireda, chigalimoto chopalira misewu, mwezi wapitawo kuti isalaze bwalo la mpira, ndipo woyendetsayo, posadziwa kanthu, anapala mpaka m'mbali momwe munali maenje a anthu. Dothi lopalidwalo analiunjika chimulu chachitali kuseri kwa zimbudzi. Azakhali pa foni paja sananene zimenezi. Pambuyo pake anandiuza kuti ankaopa kuti ndikamva sindibwera.

Ndinawapeza atadzala kale phanda lawo. Dzenje lawo linapulumuka chifukwa linali pakati pa mizu, pomwe gireda sikanafika, ndipo botolo lawo lobiriwira linali poyera pa mpando kuti aliyense alione. Anandilandira mwana, kumuyang'ana, n'kunena kuti mphuno ndi ya agogo ake aphunzitsi, koma kuonda ndi kwa anthu a m'tauni odya mabisiketi. Kenako analoza pansi ndi phazi.

"Kumba apa, mwana wa mnzanga. Ine ndi amako tinkapatsirana mchere osadzuka pampando. Ndi apa."

Ndinakumba. Nthaka ya Okutobala yopondedwa ndi gireda ili ngati simenti, khasu linkangodumpha. Pomwe analoza panalibe kanthu. Anati ndisunthire chakuno pang'ono. Panalibenso. Ndinayesa kukumbukira zimene ndinkaona ndikagona mumsasa ndili mwana, mtengo wa mbendera utayang'anizana ndi khomo la ofesi ya ahedi, koma mtengo wa mbendera anali atausuntha pomanga kalasi yatsopano. Ndinayesa kuyezera pa nthambi yaikulu ya mkuyu, koma nthambiyo anaidula. Chilichonse chimene ndinkadalira chinali chitasuntha kupatula ine.

Mnzanga wa tenti uja anali chapafupi, zitsulo za tenti yake zili pansi, makireti ataunjikidwa. Ndikanakonda akanakhala munthu woipa, nkhani ino ikanandipepukira kuisimba. Anabwera kudzandipatsa moni mwaulemu, anafunsa za amama, anasuntha chigubu changa n'kuchiika pamthunzi kuti thobwa lisasase. Ataona khasu likukanika anandibwereka piki yake. Anati amake mwana, kumbani ndithu, mukamupeza tambalayo ine ndikamanga kwina, mwambo ndimaudziwa. Ankanena ndi mtima woyera, chifukwa anali ataona kale mmene gireda inapalira.

Azakhali anapita kukakoka a tcheyamani a komiti ya chikondwerero. Ndi mkulu wa mpingo, anali kalaliki asanapume, ndipo agogo anga ndiwo anawaphunzitsa kulemba. Anabwera atavala jekete pa dzuwa limenelo, anaima n'kuyang'ana maenje anga. Azakhali anawauza kuti asiye zamanyazi, aliyense pano akudziwa kuti malowa ndi a banja la aphunzitsi, iwo omwe a tcheyamani amwera thobwa pamenepa kuyambira ali ndi tsitsi. Anati gireda si mlandu wa mwanayu. A tcheyamani anavomera zonse. Anati mabanja ena m'mawa womwewo apezanso maenje awo atapalidwa, ndipo awauza chimodzimodzi, ndiye akalola ine pa umboni wa pakamwa, onsewo abwerera ndi mboni zawo, mboni zina zogulidwa ndi mowa, ndipo zikwanje zija zibwereranso. Kenako anatembenukira kwa ine, maso awo osafuna kukumana ndi anga.

"Mwana wanga, lamuloli si langa. Ndi la agogo ako. Ndikaliphwanya pa iwe, ndawaphwanya iwo."

"Nanga likatha ndi msasa womwe, mudzasunga chiyani?" anafunsa azakhali.

"Mbendera sinakwere," anatero a tcheyamani. "Akumbe."

Choncho ndinakumba. Mlendo wolemekezeka anachedwa monga mwa masiku onse, ndipo kuchedwa kwake kunali mwayi wanga. Manja anatuluka matuza, matuzawo anaphulika. Ndinasiya kukumba mwanzeru n'kuyamba kungotema paliponse. Anthu odutsa ankaima. Amayi ena achikulire anandizindikira, ankati si mwana wa uje uyu, wothamanga ndi botolo uja, n'kugwedeza mitu. Achinyamata ankafunsana ngati ndikufuna mbewa. Mwana anayamba kulira kwa azakhali, ndinamutenga, kumuyamwitsa, kumubereka, n'kupitiriza ali kumsana. Maganizo ena ankandiuza kuti tambala ali m'chimulu chija kuseri kwa zimbudzi, koma ngakhale ndikanamupeza kumeneko sakanandithandiza, chifukwa mboni ndi dzenje, si chitsulo.

Galimoto ya mlendo itafika, belu linalira, ana a sukulu n'kuyamba kuguba. Kale ankagubira pa udzu. Tsiku limenelo ankaguba pa dothi lopalidwa, mapazi onsewo akumenya pamodzi, ndipo fumbi linadzuka lofiira ngati utsi wa lupsa. Mphepo inalibweretsa kumkuyu. Ndinamva kumsana kwanga kakhosomo kouma, kenako kena, kenako kamluzu kaja ndimakadziwa kuposa dzina langa. Ndinaponya piki. Nditamutsitsa, mphuno zinali zikutukuka, pakhosi pakulowa mkati. Ndinakhala pansi mumsasa wa azakhali, mfundo ya chitenje inandikanika, iwo ndiwo anamasula ndi mano. Ndinamupopera. Anapepukidwa pang'ono, koma kamluzu sikanachoke.

Azakhali anati ndiwasiyire mwanayo, amufunditsa, ine ndikumbeko pang'ono pokha poti ana akadali kuzungulira bwalo ndipo pali pamodzi pomwe sitinayese. Ndinayang'ana pomwe ankalozapo. Mwina panali pomwepo. Ndinayang'ana nthiti za mwana wanga. Ndinawauza kuti ndikupita ku kiliniki.

Apa pali chinthu chimene sindinauzepo amuna anga. Pamene ndinkabereka mwana kuti ndinyamuke, pansi pa mantha onsewo munali kupepukidwa. Ndinali nditapeza chifukwa chosiyira chimene palibe munthu angachitsutse. Sindikudziwa ngati mayi wabwino amamva choncho. Ndikudziwa kuti ndinamva.

Ndikudutsa kumbuyo kwa anthu, nyimbo ya fuko inayamba ndipo aliyense anaima chilili. Ine ndekha ndinkayenda. Sindinaone mbendera ikukwera, ndinangomva kuwomba m'manja, ndipo nditacheuka pamsewu ndinaona zitsulo za tenti zikuimikidwa pamwamba pa maenje anga. Mnzanga uja anandithamangira ndi njinga yamoto ya mng'ono wake kuti itifikitse msanga, ndipo anati thobwa andigulitsira, komanso chaka chilichonse ndikafuna ndizibwera kudzakhala pakona pa tenti yake, sadzandilipiritsa. Ndinathokoza. Ndisanakwere ndinabwerera pa mtolo wanga wa kesha, umene sunamasulidwe n'komwe, n'kuthyolapo kanthambi.

Ku kiliniki anamuika pa makina opumira, ndipo dzuwa lisanalowe kamluzu kanatha, anayamba kukoka ndolo zanga. Anamwino anandikalipira kuti mayi wophunzira ngati ine ndingatengere bwanji mwana wa mphumu ku fumbi. Ndinangoti pepani.

Tinafika kunyumba chakumadzulo. Amuna anga anangotenga mwana, osandikumbutsa kuti anandichenjeza, ndipo pa zimenezo ndimawathokoza mpaka pano. Amama anali pakhonde, atawasambitsa, atavala chitenje chawo cha mbendera chimene anachita kuloza okha m'sutikesi. Ndinagwada n'kuwapatsa kanthambi kaja. Sindinakonze zowanamiza, komanso sindinakonze zowauza. Anakatenga ndi dzanja lamanzere, anakanunkhiza, anakatembenuza. Anayang'ana manja anga, matuza ophulika ndi dothi lofiira m'zikhadabo. Munthu amene wafukula dzenje lake sabwera ndi manja otero, chifukwa dothi la m'dzenje lakale ndi lofewa, amama ankalifukula ndi supuni.

"Tambala?" anafunsa.

Ndinawauza za gireda. Ndinawauza za a tcheyamani, za fumbi, za kiliniki. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anaika kanthambi kaja pamphasa, pambali pawo, n'kutambasula dzanja kuti amuna anga awapatse mdzukulu wawo. Anaika khutu pamsana pake monga ndimachitira ine, nthawi yaitali. Kanthambiko sanalole kuti tikatsomeke pachitseko. M'mawa ndinakasesera limodzi ndi zinyalala.

Chaka chotsatira sindinapite. Azakhali anapita, anamanga, koma anati anakhala okha pakati pa matenti, masipika mbali zonse, osamva ngakhale mawu a munthu wogula. Madzulo ake anafukula botolo lawo n'kupita nalo kunyumba, dzenje analisiya pululu. Anandiuza pa foni akuseka, kuti tsopano botololo amasungiramo mafuta a nyale. A tcheyamani ndinamva kuti anatula pansi udindo chifukwa cha maso. Chikondwerero chikuchitikabe, ndipo amati anthu amachuluka kuposa kale. Mtengo wa girisi kulibe, poti wina anathyoka mwendo ataledzera. Amene amapitako masiku ano sadziwa kuti pansi pomwe akuvinapo pali makasu otha ndi mabotolo a anthu.

Nthawi zina ndimaganiza zopita tsiku wamba, sukulu itatsekera, kukafukula chimulu chija mpaka nditamupeza tambala, kuti amama amugwireko. Ndimakonza ulendo m'mutu, kenako mwana amakhosomola, kapena amama amadzuka thupi likuwawa, ndipo ulendo umathera pomwepo. Mvula yagwapo kangapo pa chimulucho. Mwina ogula zitsulo zakale anamutola kalekale.

Mwana wanga tsopano amayankhula, ndipo mphumu ikadalipo. Dzana ndinamupeza kuseri kwa nyumba akuzika timitengo m'dothi, pamwamba akuyala masamba a mango, akuti akumangira chidole chake nyumba. Amama ankamuyang'ana kuchokera pakhonde, dzanja litasiya kukanda. Ndinaima ndi beseni m'manja. Ndikanatha kumuuza kuti chimene wamangacho dzina lake ndi msasa, kuti agogo ake ankathamanga botolo lili pamutu, kuti tinali ndi malo pansi pa mkuyu. Koma akanandifunsa kuti tipita liti. Ndinaona kafumbi kakudzuka pomwe ankakumba ndi kamtengo, ndipo ndinamuuza kuti alowe m'nyumba akasambe m'manja.